Mivi Yoona, Dzina Labodza

Pansi pa bedi langa pali kasutikesi kachitsulo komwe bambo anga adabwera nako kuchokera ku Joni. Kale munkakhala jekete lawo la kutchalitchi ndi mapepala a kumgodi. Lero muli mawotchi 23 a pamkono, wotchi iliyonse yokulungidwa m'kansalu kakekake. Mwa mawotchi onsewo, awiri okha ndiwo amatchula dzina lawo lenileni. Otsalawo pankhope pawo padalembedwa Rolex, Omega, Rado ndi mayina ena otchuka, koma ku Switzerland sadapondeko ngakhale tsiku limodzi. Anyamata amawatcha mafeki. Mayi a kunyumba kwanga amawatcha "ana anu abodza aja."

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Chinguluwe, m'boma la Salima, dera lomwe lidatchuka ndi sikimu ya alimi a thonje yomwe boma lidatsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kunoko munthu salira wotchi kuti adziwe nthawi yolawirira kumunda. Tambala alipo, dzuwa la kunyanja silibisala, ndipo masiku ano ngakhale mnyamata woweta mbuzi ali ndi foni yoonetsa nthawi. N'chifukwa chake anzanga a pabawo amandiseka akamaona ndikuthera ndalama ya penshoni pa tizitsulo tosadyedwa. Ine ndimaseka nawo. Koma pali funso limodzi lomwe mawotchiwa adandifunsa, lomwe kuseka kudalephera kulithamangitsa, ndipo ndilo ndikufuna kuti tiliunike limodzi: kodi chinthu chovala dzina la eni chimalakwira yani, ngati mwini wake akudziwa zoona zake?

Chikondi changa pa mawotchi chidayambira pamkono pa bambo anga. Iwo adali m'gulu la amuna zikwizikwi omwe ankalembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Adabwerako komaliza mu 1973, kutatsala chaka chimodzi kuti ichitike ngozi ya ndege ya ku Francistown, m'dziko la Botswana, yomwe idapha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo mu Epulo 1974, ndi kuchititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa maulendo a kumigodi. Munthu wochokera ku Joni ankadziwika ndi bulangete, wailesi, njinga, chipewa ndi wotchi. Ya bambo idali Oris yopukusa ndi zala. Usiku uliwonse asadagone ankaipukusa, kenaka n'kuiika pakhutu panga kuti ndimve kamtima kake kakugunda. Wotchi imeneyo idali mboni. Inkauza mudzi wonse kuti munthu uyu adatsikira pansi pa nthaka, adakhetsa thukuta, ndipo adabwerako wamoyo. Ndikadali nayo, ndipo ndi imodzi mwa awiri osanama aja.

Yabodza yoyamba ndidaigula mu 2004. Ndidapita ku Lilongwe kukalondola za malipiro anga, ndipo ndikudikira minibasi ya ku Salima pafupi ndi msika waukulu, mnyamata wina adanditambasulira mkono wodzaza mawotchi mpaka m'chigongono. "Madala, Rolex iyi, orijino!" Ine ndidaseka, iyenso adaseka. Tonse awiri tinkadziwa kuti Rolex yeniyeni siigulidwa ndi ndalama ya nkhuku ziwiri. Kusekako kudali ngati pangano lathu: iye anama, ine ndidziwa kuti akunama, choncho palibe wonamizidwa. Ndidaigula. Patangotha miyezi itatu idayima, mtundu wa golide uja udasuluka, ndipo pamkono panga padatsala mzere wobiriwira. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'malo moitaya, ndidapita nayo kwa mkulu wina yemwe ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Kamuzu Road, m'tauni ya Salima. Mkuluyo, yemwe adatisiya kale, adaitsegula ine ndikuona, ndipo chimene ndidaona m'katimo chidandigwira mtima kuposa dzina la pankhope. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse lomwe ndapalasa njinga kupita kutauni ndinkakhala naye pabenchi. Adandiphunzitsa kuvala kagalasi kokulitsa zinthu padiso, kugwira kasikulu kochepa ngati njere ya mchenga ndi kambaniro, kutsuka timagiya, ndi kudonthezera mafuta ndi nsonga ya singano. Adandiphunzitsanso kupuma pang'onopang'ono, chifukwa mpweya wa munthu wopupuluma umauluza kachitsulo komwe sungakapezenso pansi pa dothi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya nkhono basi.

Pang'onopang'ono ndidadziwa kuti mawotchi ali m'magulu awiri. Ena amayenda ndi kasipuling'i kokulungidwa komwe kamamasuka pang'onopang'ono, kakukankha timagiya, pomwe kagudumu kena kopepuka kamapita uku ndi uku kuyeza nthawi. Mu Rolex ya masiku ano kagudumuko kamagunda ka 28,800 pa ola, kutanthauza ka 8 pa sekondi, n'chifukwa chake muvi wake wa masekondi umaoneka ngati ukutsetsereka. Ena amayenda ndi kabatire ndi kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo muvi wawo umadumpha kamodzi pa sekondi iliyonse. Wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu umenewu idagulitsidwa ndi kampani ya Seiko ku Japan mu Disembala 1969, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale ambiri a ku Switzerland adatsekedwa chifukwa chosowa ogula.

Apa ndi pomwe pali chodabwitsa chomwe chidandisangalatsa zaka zambiri. Kampani ya Rolex imalonjeza kuti wotchi yake siitsogola kapena kutsalira kuposa masekondi 2 pa tsiku, zomwe pamwezi zitha kufika mphindi yathunthu. Kamakina wamba ka quartz, komwe kamapezeka m'mawotchi abodza ambiri, kamaphonya ndi masekondi 15 kapena 20 okha pamwezi. Ndiye kuti wotchi yogula ndi ndalama ya nkhuku ziwiri itha kunena nthawi molondola kuposa ya mtengo wa nyumba. Wotchi yabodza ili ndi malilime awiri. Lilime la mivi limanena zoona. Lilime la dzina limanama.

Ndidapitiriza kugula. Ena ndinkawapeza kwa mavenda, ena m'matumba a majekete a pakaunjika, ena kwa anyamata obwera ku Joni omwe ndalama yawathera. Ndidaphunzira kuti ngakhale bodza lili ndi magiredi. Pali mawotchi opepuka ngati chitini, okutidwa ndi utoto wa golide womwe umasuluka ndi thukuta. Palinso ena olemera bwino, achitsulo chosachita dzimbiri, okhala ndi makina a kasipuling'i opangidwa ku China kapena ku Japan, oti ngakhale wodziwa amayenera kuwayang'ana kawiri. Ambiri amachokera m'mafakitale a kumwera kwa China n'kudutsira m'misika ya Guangzhou, Dubai, Dar es Salaam ndi Johannesburg asadafike pamkono pa mnyamata wa pa depoti.

Mayi a kunyumba akandifunsa kuti munthu wa mpingo ndisungiranji zinthu zabodza, ndinkakhala ndi mayankho atatu. Loyamba lidali lakuti palibe yemwe ndikumunamiza, pakuti ndimadziwa chomwe ndagula ndipo sindigulitsa. Lachiwiri lidali lakuti eni dzina sindikuwabera kanthu, poti mphunzitsi wa pulayimale sakadagula wotchi yawo ngakhale atasunga malipiro a zaka khumi. Lachitatu ndinkalinena monyadira kuwerenga kwanga: m'zaka za m'ma 1700, pomwe mawotchi a ku London ndiwo adali apamwamba padziko lonse, amisiri ena a ku Switzerland ankapanga mawotchi otsika mtengo n'kulembapo mayina onama ndi mawu oti London. Oberedwa dzina lero, makolo awo adaberako anzawo dzulo. Ngakhale Rolex yomwe idabadwira ku London mu 1905, pomwe Hans Wilsdorf adayamba malonda ake, n'kusamukira ku Geneva pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndikatero ndinkatseka kasutikesi kanga mtima uli m'malo.

Mayankho amenewa adandisunga zaka 15. Adasweka tsiku limodzi mu Ogasiti 2019, thonje litagulitsidwa kale, mphepo ya mwera ikuwomba fumbi pabwalo.

Kudabwera mayi wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana nafe, limodzi ndi mlongo wake, yemwe ndi mwinimbumba pabanja pawo. Mwamuna wa mayiyo adakhala ku Johannesburg zaka zingapo akugwira ntchito ya m'dimba pakhomo pa anthu, ndipo adabwerera mu 2015 pa mabasi omwe boma lidatumiza kukatenga Amalawi pomwe kudabuka ziwawa zothamangitsa alendo. Adabwera ndi kachikwama kamodzi ndi chifuwa chomwe chidamutenga patatha zaka ziwiri. Titalonjerana, mayiyo adakhala pamphasa, n'kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chake.

"Aphunzitsi, mwana wanu uja wasankhidwa kusukulu ya unamwino," adatero. "Malemu bambo ake adandiuza kuti ndikadzaona vuto lalikulu ndidzagulitse iyi. Adati ndi ya ndalama zambiri. Ndati muione ndinu, mutiuze poyambira."

Idali Rolex Submariner yakuda. Yeniyeni yatsopano nthawi imeneyo inkagulidwa madola a ku America oposa 7,000, omwe adali oposa K5 miliyoni. Ndisadaitsegule n'komwe, dzanja langa lidandiuza kale. Idali yopepuka. Kagalasi kotukuka ka pa deti, komwe pa yeniyeni kamakulitsa nambala kawiri ndi theka, apa kadali chokongoletsera chabe. Komabe ndidatenga zida zanga, ndikuchedwa dala, ngati munthu wopita kukanena maliro. Nditachotsa chivundikiro cha kumbuyo ndidapeza mkombero woyera wapulasitiki, pakati pake kamakina kakang'ono ka quartz ndi kabatire kakufa.

Ndidali ndi njira yothawira. Ndikadatha kunena kuti zoterezi zandikulira, apite nayo kwa odziwa ku Lilongwe. Akadawononga ndalama ya basi n'kukasekedwa ndi anthu osawadziwa, ine manja anga ali oyera. Ndidachita manyazi ndi ganizo limenelo. Ndidawauza kuti wotchiyo si ya kampani yomwe dzina lake lalembedwapo, ndipo pamsika singapose mtengo wa thumba limodzi la chimanga. Mayiyo sadalire. Adayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka adafunsa funso lomwe ndinkaliopa: "Ndiye kuti bambo aja adandinamiza?" Ndidayankha kuti mwina iwonso adanamizidwa ndi yemwe adawagulitsa, ndipo kuti chitsulo sichingatiuze zomwe zidali mumtima mwa munthu. Adaikulunganso m'chitenje, adathokoza, n'kunyamuka.

Madzulo ake mwinimbumba uja adabweranso yekha. Adalankhula motsitsa mawu. Kunyanja kuli mkulu wina wa malonda a usipa, wa malole awiri, yemwe amakonda kuonekera pagulu, ndipo mawotchi ake ankabwera nawo kwa ine kudzasintha mabatire. "Akuluwo amakukhulupirirani, aphunzitsi," adatero. "Simuchita kunena zambiri ayi. Akakufunsani mudzangogwedeza mutu. Akatulutsa K400,000 mwana apita kusukulu. Kwa iwo ndalama imeneyo ndi ya mowa wa mwezi umodzi. Kodi mufuna mwana wamasiye akwatiwe chaka chino chifukwa cha kugwedeza mutu kamodzi?"

Usiku umenewo sindidagone. Musaganize kuti mawu a munthuyo adali opusa. Mbali ina kudali mtsikana wanzeru yemwe ndidamuphunzitsa ndekha mu Sitandade 6. Mbali inayo kudali munthu wolemera yemwe sakadamva kuwawa, yemwe mwina akadafa osadziwa, akunyadira wotchi yake m'maukwati. Wogula akadasangalala, wogulitsa akadasangalala, dziko likadapeza namwino. Ndikayika zonsezi pasikelo, bodza linkaoneka lolemera ubwino kuposa choonadi. Ndipo ine, mwini kasutikesi ka mabodza 21, ndidali yani kuti ndiyambe kudziyeretsa pa tsiku lomwe bodza likadathandiza munthu?

Chomwe chidanditsegula maso ndi munda wanga wa thonje. M'chaka cha 2012 ndidagula botolo la mankhwala opopera mbozi kwa munthu wina pamsika. Botolo lidali lenileni, chizindikiro chake chenicheni, fungo lake lofanana ndi lomwe ndidazolowera. Ndidapopera katatu monga mwa malangizo, koma mbozi zidapitiriza kuboola nthonje zanthete ngati ndazithira madzi a mpunga. Pomwe ndinkazindikira, theka la munda lidali litapita. Wondigulitsayo adalumbira kuti iyenso adapikula m'chikhulupiriro. Yemwe adathira madzi m'botolomo sadaonepo nkhope yanga. Mwina nayenso adali ndi mwana wofuna fizi. Mwina nayenso adadziuza kuti botolo limodzi silipha munthu. Aliyense wolemba dzina la eni pa katundu wake amakhala ndi chifukwa chomveka m'makutu mwake.

Chomwe munthuyo adandibera chidaposa thonje. Chaka chotsatira ndinkakayikira botolo lililonse, ngakhale la m'sitolo yovomerezeka. Ndinkakayikira paketi ya mbewu, thumba la feteleza, ngakhale mapiritsi a malungo. Ndidazindikira kuti dzina lolembedwa pa chinthu ndi lonjezo loperekedwa kwa munthu yemwe sangathe kutsegula kumbuyo. Ine ndimatha kutsegula wotchi, koma sindingathe kuyeza mankhwala. Wodziwa mankhwala sangathe kuyeza simenti. Tonsefe pena pake ndife akhungu otsogozedwa ndi mayina. Mudzi, msika ndi chipatala zimayenda chifukwa nthawi zambiri dzina ndi chinthu zimagwirizana. Bodza lililonse lotere limabowola chitsime chomwe tonse timamwapo, ngakhale wobowolayo atakhala ndi ludzu lenileni. Mtsikana yemweyo, akadzavala yunifolomu yoyera, odwala adzatambasula mkono kuti awabaye jakisoni pokhulupirira dzina la pabotolo ndi la pachifuwa pake.

Ndidaonanso chinthu china. Dzina la Rolex palokha silikadatulutsa K400,000 m'thumba mwa mkulu wa usipa uja, chifukwa iyenso amadziwa kuti mafeki adadzaza dziko. Chomwe mwinimbumba ankafuna kugulitsa lidali dzina langa, lomwe ndidalimanga zaka 34 ndi choko m'manja. Pamwamba pa dzina labodza la pankhope pa wotchi pakadamatidwa dzina loona la mphunzitsi, ndipo kuyambira tsiku limenelo feki ndikadakhala ine: kunja mphunzitsi wokhulupirika, m'kati mkombero wapulasitiki.

M'mawa mwake ndidakana. Sindinena kuti choonadi chidalipira msanga, chifukwa ndingakhale ndikunama. Mtsikanayo adataya malo ake chaka chimenecho. Adakhala pakhomo akugulitsa zitumbuwa, ndipo ndikamuona pamsewu ndinkasowa poyang'ana. Adakalowa sukulu mu 2021, mbuzi zonse za pabanja zitagulitsidwa, mayi ake atakongola ku banki m'khonde, a mpingo atasonkha, inenso nditagulitsa Seiko yanga yeniyeni yomwe ndalama yake idali dontho chabe. Malume ake adakhala chaka chathunthu osandipatsa moni. Mpaka lero, ndikamaganiza za zaka ziwiri zomwe mwanayo adataya, sindinena molimba mtima kuti mtengo wa kukana kwanga ndidaulipira ndine. Adaulipira ndi iye. Ndimangodziwa kuti chomwe ankandipempha sichidali changa ndekha choti ndingapereke.

Koma nkhaniyi siidathere pa mkulu wa usipa. Idabwerera kwa ine ndi kasutikesi kanga. Ndidayamba kuganiza za malemu uja. Tiyerekeze kuti ankadziwa. Tiyerekeze kuti tsiku lina m'misewu ya Johannesburg iye ndi wogulitsa adasekerana monga ine ndidasekerana ndi mnyamata wa ku Lilongwe. Kenaka adafika kwawo chimanjamanja, pamudzi pomwe amuna a kale ankabwera ndi njinga ndi wailesi, ndipo pofuna kuphimba manyazi adauza mkazi wake kuti musadandaule, chuma chathu chili apa. Mwina ankati adzaulula zinthu zikadzayenda. Imfa siidamudikire. Kudziwa kwake kudalowa naye m'manda, dzina lija lidatsala likuwala pagalasi, likudikira munthu wosadziwa.

Yankho langa loyamba lija lidagwera pamenepo. Ndinkati palibe wonamizidwa chifukwa ine ndikudziwa. Koma kudziwa kwanga kuli m'mutu mwanga, ndipo mutu wanga udzaola chitsulo chisadachite dzimbiri. Kuseka kwa pa depoti kuja sikulowa m'chuma chamasiye. Tsiku lomwe ana anga adzakoke kasutikesi pansi pa bedi, adzapeza mayina 21 akulonjeza mamiliyoni. Mwina adzakangana. Mwina mdzukulu wina adzagulitsa imodzi kwa munthu wosadziwa, iye mwini osadziwanso. Wotchi yabodza ili ngati msampha wotcheredwa m'thengo: woutchera atha kusamuka kapena kufa, koma msampha sudziwa kuti mwini wake adachoka.

Ndiponso, kodi n'zoona kuti ndili moyo sindidanamizepo munthu? Ndidakumbuka chinkhoswe china mu 2010 komwe ndidali nkhoswe ya kuchimuna. Ndidavala Omega yanga yonyezimira. Ndidamva bambo wina wa kuchikazi akunong'oneza mnzake kuti banja ili si la masewera, taonani wotchi ya ankhoswe awo. Ndidamva, ndidakonza mkono wa malaya kuti ionekere bwino, ndipo ndidakhala chete. Pakamwa panga sipadatuluke bodza, koma wotchi idandinamira ine ndikuvomereza. Ndikadakonda makina okha, monga ndinkanenera, bwenzi ndikugula mawotchi opanda dzina, omwe amapezeka ndipo ndi otsika mtengo. Kampani ya Seagull ya ku Tianjin, komwe wotchi yoyamba ya dziko la China idapangidwa mu 1955, imagulitsa makina abwino pa dzina lakelake. Ine ndinkafuna korona wa Rolex. Ndinkafuna ulemu wobwereka popanda kupempha eni ake.

Wina anganene kuti nanga kuvala suti ya pakaunjika si kubwereka ulemu? Nanga wigi, nanga mano oikirira? Kusiyana kwake kulipo. Suti ya pakaunjika idasokedwadi ndi yemwe dzina lake lili pakolala, ndipo wigi salonjeza kuti adamera pamutupo mpaka munthu akapereke ndalama pokhulupirira zimenezo. Kukongoletsa thupi ndi khalidwe la anthu onse. Kulemba dzina la mmisiri pa ntchito yomwe iye sadagwire ndi umboni wonama, ndipo kumalakwira anthu awiri: mwini dzina, ndi mmisiri weniweni uja wa ku China yemwe luso la zala zake lidakwiriridwa pansi pa dzina la mlendo. Lamulo la dziko lino la zizindikiro za malonda, la 2018, limaletsa kugulitsa katundu wa zizindikiro zonama. Koma lamulo limathera pa wogulitsa. Za wovala ndi wosunga zimatsalira chikumbumtima.

Kodi ndiye ndidakataya mawotchi anga m'nyanja ku Senga Bay? Ayi. Timagiya tilibe tchimo, ndipo madzulo omwe ndimakhala pakhonde ndi kagalasi padiso, kudzutsa makina omwe adagona zaka, ndi ena mwa madzulo okoma a ukalamba wanga. Chomwe ndidachita n'chochepa. Ndidaleka kugula wotchi yatsopano ya dzina lakuba, chifukwa ndalama yanga ndiyo imauza fakitale kuti ipange ina. Pa onse 21 omwe ndili nawo ndidazokota kumbuyo ndi nsonga ya chitsulo mawu awiri akuti SI YENIYENI, mozama kuti asafufutike. Pa atatu ndidachotsa galasi n'kupala dzina lonse pankhope. Poyamba ankaoneka amaliseche, koma tsopano ndi omwe ndimavala kawirikawiri. Munthu akandibweretsera feki kuti ndimukonzere, ndimakonza, koma ndimamuuza chomwe ndapeza m'kati, afune asafune. Ena amakwiya, ena amaseka n'kunena kuti ankadziwa kale.

Wotchi yachiwiri yosanama m'kasutikesi muja ndi Casio F-91W, kakuda kapulasitiki komwe kadayamba kupangidwa mu 1989 ndipo kakupangidwabe. Sikadzitcha golide, sikadzitcha chuma. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale iko, kotsika mtengo chotero, anthu adakapangira feki yake, ndipo yambiri ya m'misika mwathu ndi imeneyo. Yanga ndidachita kuitsegula kuti nditsimikize.

Patatha milungu itatu chichitikire zija, mayi wamasiye uja adabweranso, ulendo uno yekha. Adamasula mfundo ya chitenje n'kuika wotchi pathebulo. "Aphunzitsi, mwati dzina ndi labodza. Nanga nthawi imanena yoona?" Ndidati ikapatsidwa kabatire katsopano inena yoona. "Ikanimoni," adatero. Nditafunsa ngati ndipale dzinalo, adakana. Adati ndi mmene mwini wake adabwera nayo, ndipo nkhope ya malemu sapala. Koma adalola kuti ndizokote mawu awiri aja kumbuyo, kuti zomwe zidamuchitikira iye zisadzachitikire mdzukulu wake.

Wotchiyo adapita nayo kusukulu ndi mtsikana uja. Adandiuza kuti muvi wake wodumpha kamodzi pa sekondi, womwe umaulula kwa odziwa kuti si Rolex, ndi womwe unkamuthandiza kuwerenga kugunda kwa mtima wa wodwala popanda kusokonezeka. Pa tchuthi cha Khirisimasi ya 2023 adabwera nayo kuti ndisinthe kabatire ndi kufupikitsa lamba, poti mkono wa bambo ake udali waukulu. Tidadikira nkhani za 6 koloko madzulo pa wailesi kuti tiiyese. Idali itatsalira ndi mphindi ziwiri. Ndidaikonza, ndidatseka kumbuyo, ndipo iye adaivala n'kupita kukathandiza mayi ake kusenza madzi kusadade.